PCR ya chimbudzi yapeza tizilombo tinayi mwa mwana mmodzi: kodwalitsa ndi kati?

labu_usiku

Moni nonse a m'labu ndi a m'mawodi. Ndithandizeni kuwerenga pepala ili.

Mwana wa miyezi 14, watsekula m'mimba masiku atatu, thupi latentha kufika madigiri 39, chimbudzi chamadzi chokhala ndi zonanda, magazi osaoneka ndi maso. ORS akumwa bwino. Chimbudzi chayezedwa pa panelo ya PCR, ija yofufuza tizilombo tambirimbiri nthawi imodzi, ndipo patuluka mayina anayi: Shigella/EIEC, EAEC (EIEC ndi EAEC ndi mitundu ya bakiteriya wa E. coli), Giardia ndi C. difficile toxin A/B.

Kodi mwa tinayiti kamene kakumudwalitsa ndi kati, ndipo dokotala timuuze chiyani? Chachiwiri, labu yokhala ndi makina otere ingasiyiretu kumeretsa mabakiteriya pa mbale, poti PCR ikuyankha mu ola limodzi pamene kumeretsako (culture) kumadya masiku awiri kapena atatu? Chachitatu n'chaching'ono: zotsatira zikamatuluka "invalid" kawirikawiri, tiyambe kufufuza pati?

dokotala_wa_ana

A labu_usiku, mwa anayiwo amene ndingamuloze chala ndi Shigella. Enawo akhoza kukhala alendo chabe m'matumbo.

PCR imapeza DNA kapena RNA ya kachilombo. Siisiyanitsa chamoyo ndi chakufa, ndiponso siidziwa ngati kachilomboko kakudwalitsa kapena kangogona. Matumbo a mwana wokwawa, amene chilichonse amaika m'kamwa, amakhala ndi tizilombo tingapo ngakhale ali bwinobwino. Choncho dzina lililonse pa pepalalo liyezedwe ndi msinkhu wa mwana, zizindikiro zake ndi masiku amene wadwala.

C. difficile ichotseni kaye m'maganizo. Makanda ambiri amakhala nayo, yotulutsa poizoni yomwe, osadwala. Malangizo a 2017 a IDSA ndi SHEA, mabungwe a ku America oona za matenda opatsirana, amati mwana wosakwana miyezi 12 asayezedwe C. difficile mwachizolowezi, ndipo wa chaka chimodzi mpaka ziwiri ayezedwe pokhapokha zifukwa zina zitafufuzidwa n'kusoweka. Panelo imayeza zonse mosafunsa msinkhu, n'chifukwa chake dzinali limangotulukira. Kumupatsa mwanayu vancomycin kapena metronidazole chifukwa cha mzere umenewu ndi kulakwitsa, ndipo ma labu ena amabisa dala mzerewu kwa ana osakwana zaka ziwiri. Ine ndimagwirizana nawo.

Giardia nayo siifanana ndi nkhaniyi. Siitenthetsa thupi kawirikawiri, ndipo matenda ake amakhala a milungu: mimba yotupa, mpweya, chimbudzi chamafuta chonunkha kwambiri, mwana kutsika sikelo. M'kafukufuku wa GEMS wa matenda otsekula m'mimba mwa ana, amene anachitika ku Gambia, Mali, Mozambique, Kenya, India, Bangladesh ndi Pakistan n'kusindikizidwa mu 2013, Giardia inkapezeka kwambiri mwa ana osadwala kuposa mwa otsekula m'mimba modetsa nkhawa. Kutsekulako kukapitirira masiku 14, pamenepo muikumbukire. EAEC imapezekanso mwa ana ambiri athanzi, ndipo ikatuluka limodzi ndi Shigella sindiiwerengera.

Shigella ndi ina. Mwana wa chaka chimodzi mpaka ziwiri, kutentha thupi, zonanda m'chimbudzi, zonsezi ndi zake. Tinazolowera kuti Shigella ndiye kamwazi, koma ana ambiri amene yawagwira amatsekula madzi okha popanda magazi. Zimbudzi za GEMS zija zitayezedwanso ndi PCR yowerengera kuchuluka kwa tizilombo, zotsatira za mu 2016 zinaonetsa kuti matenda a Shigella anali pafupifupi kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi zimene njira zakale zoyezera zinapeza, ndipo a adenovirus 40/41 pafupifupi kasanu. Apa ndiye PCR imatiposa maso.

Chithandizo chiyambe pomwe chimayambira nthawi zonse: ORS, kuyamwitsa ndi kudyetsa osaleka, ndi zinc 20 mg tsiku lililonse kwa masiku 10 mpaka 14, kapena 10 mg kwa khanda losakwana miyezi 6. Za maantibayotiki aweruze dokotala amene wamuona mwanayo, koma akasankha kupereka, alunjike pa Shigella yekha. Asasanje mankhwala anayi chifukwa pepala lili ndi mayina anayi.

Pali dzina limodzi limene silili pa pepala lanu koma likadzatuluka tsiku lina musadikire kuti wina adzalitenge, imbani foni: STEC, yaani E. coli wokhala ndi jini ya poizoni wa Shiga, stx1 kapena stx2. Wodwala ameneyu asapatsidwe maantibayotiki kapena loperamide (mankhwala oimitsa kutsekula), chifukwa zingawonjezere chiopsezo cha HUS, pamene maselo ofiira amasweka, ma platelet amatsika ndipo impso zimaleka kugwira ntchito. Zimenezi zimabwera cha kumapeto kwa sabata yoyamba kapena m'sabata yachiwiri, nthawi zambiri kutsekula kutayamba kuchepa, makolo akuganiza kuti mwana wachira. Ayezedwe hemoglobin, ma platelet ndi creatinine mobwereza, ndipo mkodzo uziyang'aniridwa. Ya stx2 ndiyo yoopsa koposa.

mbale_ndi_loop

Ndiyankhe lachiwiri. Ayi, musasiye kumeretsa. Chimene mungasinthe ndi nthawi yomeretsera: PCR iziyamba, kenako chimbudzi chimene chaonetsa bakiteriya wofunika chipite pa mbale kuchokera m'botolo lomwelo la Cary-Blair (madzi osungiramo chimbudzi chokayezedwa), tsiku lomwelo.

Tengani pepala lanu lomweli. Palembedwa "Shigella/EIEC" chifukwa PCR imafufuza jini ya ipaH, imene Shigella ndi E. coli wolowa m'maselo a matumbo onse ali nayo. Makinawo sangakuuzeni ngati ndi S. flexneri, S. sonnei kapena S. dysenteriae, ndiponso sangakuuzeni ngati ciprofloxacin, azithromycin kapena ceftriaxone angamuphe. Masiku ano pali Shigella wosamva mankhwala onse atatuwa, ndipo Campylobacter wambiri samvanso ciprofloxacin. Zimenezi mungazidziwe pokhapokha muli ndi bakiteriya wamoyo m'manja. Akuluakulu oona za miliri nawonso amafuna bakiteriya weniweniyo kuti aone ngati odwala a malo osiyana adwala ndi mtundu umodzi.

Kameretsedwe kake mwachidule. Shigella: mbale za XLD ndi MacConkey pa madigiri 35 mpaka 37, maola 18 mpaka 24, pa XLD amamera wofiira wopanda kadontho kakuda pakati. Shigella ndi wosalimba, chimbudzi chikakhala pa tebulo maola angapo chimasasa ndipo iye amafa, ndiye musadabwe PCR ikamupeza koma mbale n'kukhala yopanda kanthu. Zikatero si kuti PCR yanama. Salmonella: XLD, wofiira wakuda pakati, koma muikenso mu selenite broth (madzi ochulukitsira Salmonella) usiku umodzi n'kumeretsanso m'mawa. Pa Salmonella njira ya selenite imeneyi nthawi zina imapeza amene PCR yamuphonya. Campylobacter: mbale yake, pa madigiri 42, mu mpweya wa oxygen 5%, carbon dioxide 10% ndi nitrogen 85%, maola 48 mpaka 72. E. coli O157: sorbitol MacConkey, amamera wopanda mtundu pamene anzake ali apinki. Yersinia: mbale ya CIN pa madigiri 25.

Vibrio cholerae ndiye wofunika kusamala kwambiri polemba. Mzere woti "Vibrio cholerae detected" sukutanthauza kuti wodwala ali ndi kolera ya mliri. Kolera imeneyo ndi ya magulu a O1 ndi O139 otulutsa poizoni, pamene V. cholerae ali ndi magulu oposa 200, ndipo mapanelo ambiri amangoona mtundu wonse. Ikani chimbudzi mu alkaline peptone water maola 6 mpaka 8, meretsani pa mbale ya TCBS, tengani zomera zachikasu, muzimeretsenso pa mbale wamba musanayeze oxidase ndi antisera ya O1 ndi O139. Ngati muli ndi PCR ya ctxA, jini ya poizoni wa kolera, itsimikizireni poizoniyo. Koma wodwala wotsekula madzi ngati otsukira mpunga asadikire zonsezi: madzi alowe m'thupi nthawi yomweyo ndipo a zaumoyo adziwitsidwe.

Kumene PCR yapambana mopanda mkangano ndi pa amoeba. Pa maikulosikopu Entamoeba histolytica ndi Entamoeba dispar amaoneka chimodzimodzi, chonsecho wodwalitsa ndi woyambayo. Anthu ambiri amwa metronidazole chifukwa cha dispar wosalakwa. PCR imawasiyanitsa.

ma_pipette

Za "invalid" zija, yambani kufufuza pa botolo la chimbudzi, makina muwasiye kaye.

Chimbudzi chili ndi zinthu zambiri zolepheretsa PCR: mchere wa ndulu, bilirubin, heme ya m'magazi ndi zotsalira za zakudya za masamba. Muyeso uliwonse wabwino uli ndi internal control, kanthu kodziwika koikidwamo dala kuti kadutse njira yonse. Kameneka kakapanda kuoneka makina amakana kupereka zotsatira, ndipo amachita bwino kutero, chifukwa "palibe kachilombo" yochokera mu muyeso wotsamwa ndi bodza loopsa.

Cholakwika chofala ndi kudzaza chimbudzi. Botolo la Cary-Blair lili ndi mzere. Thirani mpaka madziwo afike pa mzerewo basi, tsekani, khutchumulani mpaka zisakanikirane. Anthu amaganiza kuti chimbudzi chikachuluka kachilombo kapezeka msanga, koma chimene chimachuluka ndi zolepheretsa zija, ndipo phala lolimbalo limatseka tinjira ta m'kathumba ka makina. BioFire FilmArray GI, imene imayeza tizilombo 22 pafupifupi mu ola limodzi, imangofuna 200 µL ya zosakanizazo. Potapa, sankhani pamene pali zonanda kapena magazi. Chimbudzi chisakhudzane ndi mkodzo kapena madzi, ndipo chisafinyidwe kuchokera mu thewera lomwa madzi. Kwa khanda yalani pulasitiki woyera mkati mwa thewera. Chilowe mu Cary-Blair pasanathe maola awiri, ndipo chikadikira chikhale mu furiji pa madigiri 2 mpaka 8, osapitirira masiku 4. Chimene chaikidwa mu formalin sichiyenera PCR, formalin imawononga DNA. Kathonje kopisa kumatako kamathandiza pamene mwana sakuchita chimbudzi, koma labu iyambe yatsimikizira yokha kuti makina ake amagwira bwino ndi njirayi.

Kwa amene mumachotsa DNA pamanja n'kuyeza pa real-time PCR: tengani chimbudzi cha 180 mpaka 220 mg, osapitirira. Ikani control musanayambe kuchotsa DNA, osati pambuyo. Ambiri amagwiritsa ntchito mavairasi awa ngati control: PhHV pa DNA ndi MS2 pa RNA. Cryptosporidium ndi Giardia zili ndi chikhokho cholimba chimene mankhwala osungunula okha saswa bwino, choncho pamafunika kupukusa ndi timikanda ta galasi kapena kuumitsa ndi kusungunula kangapo. Mukadumpha pamenepa mabakiteriya adzatuluka bwino koma tizilombo tiwiriti tidzasowa, inu osadziwa. Control ikachedwa kapena ikasowa, sungunulani DNA gawo limodzi m'magawo 10 n'kubwereza. Mwa masamu Ct (nambala ya maulendo okopera DNA chizindikiro chisanaoneke) imayenera kukwera ndi pafupifupi 3.3, ikatsika kapena kukhala pomwepo, dziwani kuti munali zolepheretsa. Puloteni ya BSA pang'ono mu master mix (mankhwala osakaniza a PCR) imathandizanso. Ingokumbukirani kuti kusungunulako kungabise kachilombo kamene kanali kochepa kale.

Vuto lina ndi lotembenuka: zotsatira zoti kachilombo kalipo pamene kulibe. PCR imapanga timakope mabiliyoni, ndipo kadontho kosaoneka kokwanira kuipitsa tebulo lonse. Ntchito iziyenda njira imodzi, kuchokera kosakanizira mankhwala, kupita kochotsera DNA, kukathera ku makina, osabwerera ndi magolovesi kapena gauni yomweyo. Ma tip akhale a sefa. Zimbudzi zitsegulidwe chimodzichimodzi, magolovesi asinthidwe pakati. Pukutani tebulo ndi bleach wa 0.5%, kenako madzi. Spirit yekha sawononga DNA, saphanso njere za C. difficile, ndipo pa norovirus ndi wofooka. Kathumba kapena mbale ya PCR imene yatha ntchito isatsegulidwe, ndipo ikadontha itengeni ngati ngozi.

Muzisunga kaundula wa kuchuluka kwa zimene mukupeza sabata iliyonse. Kachilombo kosowa ngati Yersinia kapena Vibrio kakayamba kutuluka mwa odwala atatu anayi osadziwana, zizindikiro zosagwirizana, yezani Cary-Blair wosathiramo chimbudzi wa gulu lomwelo. Zinachitikapo kuti madzi osungirawo anali ndi DNA ya mabakiteriya akufa, yosamera pa mbale koma yooneka pa PCR.

labu_usiku

Zikomo kwambiri nonse, za mzere wa pa botolo ndazimva. A dokotala_wa_ana mwatchula PCR yowerengera kuchuluka. Kodi tingagwiritse ntchito Ct kusankha kodwalitsa pakati pa tinayi tija? Ndipo mwanayu akachira tiyezenso kuti titsimikize kuti kachilombo katha?

ma_pipette

Ct ndi nambala ya maulendo amene makina abwereza kukopera DNA chizindikiro chisanaoneke. Ikakhala yotsika ndiye kuti DNA inali yambiri, ndipo kusiyana kwa 3.3 ndi kuwirikiza ka 10. Shigella wa Ct 18 ndi EAEC wa Ct 33 asiyana ndi maulendo 15, kumene ndi kuwirikiza koposa 30,000. Pepala lotere limalankhula lokha.

Koma si makina onse amene amaipereka. FilmArray imachita PCR kawiri motsatizana n'kuwerenga ndi melt curve, ndiye imangoti chilipo kapena palibe. QIAstat-Dx imaonetsa Ct, chimodzimodzi TaqMan Array Card imene ofufuza a GEMS anagwiritsa ntchito. Ngakhale ilipo, muigwire mosamala. Chimbudzi chamadzi kwambiri chimasungunula tizilombo, kachotsedwe ka DNA kamasiyana, ndipo ipaH ili ndi makope angapo mwa bakiteriya mmodzi, choncho Shigella amaoneka wochulukirapo poyerekeza ndi kachilombo koyezedwa ndi jini ya kope limodzi. Malire a Ct osonyeza matenda amasiyana pa kachilombo kalikonse, ndipo a labu ina sangangotengedwa n'kuikidwa pa makina anu. Ct ithandize dokotala kuganiza pamene mayina achuluka, koma isalembedwe ngati chigamulo.

dokotala_wa_ana

Kuyezanso ayi. Mwana akasiya kutsekula, akudya, akusewera, wachira. DNA imatsalira m'chimbudzi nthawi yaitali: norovirus milungu ingapo, Salmonella mwezi kapena kuposa makamaka mwa ana osakwana zaka 5. Mukayezanso mudzapeza dzina lomwelo, makolo adzada nkhawa, ndipo wina adzalemba mankhwala osafunika. Kumene lamulo limafuna umboni woti munthu sakufalitsanso, monga wophikira anthu chakudya amene anadwala Shigella kapena STEC, tsatirani njira imene a zaumoyo akhazikitsa, imene kawirikawiri imakhala culture.

Pa makanda funsaninso za katemera. Rotarix ndi RotaTeq ndi akatemera a kachilombo kamoyo kofooketsedwa, ndipo khanda likalandira limatulutsa kachilomboko m'chimbudzi kwa masiku kapena milungu, makamaka pambuyo pa dontho loyamba. Panelo idzati rotavirus A ilipo osasiyanitsa ya katemera ndi yodwalitsa. Tsiku la katemera lilembedwe pa fomu.

wodi_ya_akulu

Ndiwonjezere za akuluakulu, chifukwa kumeneko zolakwika zake n'zina.

Si aliyense wotsekula m'mimba ayenera panelo. Munthu wathanzi amene watsekula madzi tsiku limodzi kapena awiri, thupi losatentha, amachira ndi madzi akumwa, ndipo zotsatira sizisintha kanthu. Yezani amene ali ndi magazi kapena zonanda m'chimbudzi, kutentha thupi, kupotokola kwambiri, zizindikiro za sepsis, chitetezo chofooka, kutsekula kopitirira sabata, kapena pamene anthu angapo adwala pamodzi. Amene wayamba kutsekula atagona kale m'chipatala masiku oposa atatu safunika panelo yonse. Mwa iye ganizirani C. difficile, norovirus ngati wodi yonse yadwala, mankhwala amene akumwa ndi chakudya cha pa chubu.

C. difficile mwa wamkulu iyezedwe ngati wachita chimbudzi chamadzi katatu kapena kuposa m'maola 24 ndipo sanamwe mankhwala ofewetsa m'mimba m'masiku awiri apitawo. Chimbudzi cholimba labu ichibweze. Choyenera ndi chija chotenga maonekedwe a botolo. Xpert C. difficile imapeza tcdB, jini ya poizoni B, pasanathe ola, koma jini kukhalapo si umboni woti poizoni akutuluka, ndipo odwala ambiri ogona m'chipatala amangoisunga. N'chifukwa chake ma labu ambiri amayeza kawiri: GDH (puloteni ya bakiteriyayu) kapena PCR poyamba, kenako EIA, muyeso wofufuza poizoni weniweniyo. Zonse zikagwirizana, matenda alipo. PCR ikapeza koma poizoni osapezeka, dokotala abwerere kwa wodwala akaone maselo oyera, creatinine ndi mimba, chifukwa EIA nayo imaphonya. Poizoni amawonongeka msanga pa kutentha kwa m'chipinda, ndiye chimbudzi chimene sichiyezedwa m'maola awiri chilowe mu furiji. Osabwereza muyeso pasanathe masiku 7.

Chimene chimandidetsa nkhawa koposa ndi pepala loyera. Panelo imapeza zokhazo zimene inapangidwira. Munthu wa HIV amene CD4 yake yatsika pansi pa 200, watsekula mwezi wathunthu, panelo n'kunena kuti palibe kanthu, sanayezedwe mokwanira. Pa tizilombo 22 ta FilmArray palibe Cystoisospora belli, palibe microsporidia, palibe Strongyloides kapena nyongolotsi ina iliyonse. Cystoisospora imachizika ndi cotrimoxazole, ndiye kuiphonya n'kutaya munthu amene akanachira. Pakani chimbudzi pa galasi, thirani modified Ziehl-Neelsen: Cryptosporidium ndi timipira tofiira ta 4 mpaka 6 µm, Cyclospora 8 mpaka 10 µm, pamene Cystoisospora ndi yaikulu yooneka ngati dzira, yotalika 25 µm kapena kuposa. Imatuluka modukizadukiza, choncho yezani zimbudzi zitatu za masiku osiyana. Microsporidia imafuna modified trichrome kapena PCR yakeyake. CD4 ikatsika pansi pa 50 ganiziraninso vairasi ya CMV ya m'matumbo, imene imatsimikizika ndi kachidutswa ka thumbo, ndi MAC (mabakiteriya a banja la TB), imene imafuna culture ya magazi ya mycobacteria.

Wotentha thupi masiku ambiri amene mukumuganizira taifodi mutengeni magazi a culture asanayambe maantibayotiki, 8 mpaka 10 mL pa botolo kwa wamkulu. M'sabata yoyamba Salmonella Typhi amapezeka m'magazi kuposa m'chimbudzi, ndipo mzere wa "Salmonella" pa panelo sunena ngati ndi Typhi kapena wina.

mbale_ndi_loop

A labu_usiku, pa pepala la mwanayu ine ndikanalemba ndemanga pansi pa mayinawo: kuti Shigella/EIEC ndiye akugwirizana ndi zizindikiro ndipo culture ndi kuyeza mankhwala zili m'njira, kuti C. difficile pa msinkhu uwu kawirikawiri imangokhala m'matumbo. Kuti EAEC ndi Giardia zimapezekanso mwa ana osadwala, ndipo Giardia iganiziridwenso kutsekula kukafika masiku 14. Botolo la Cary-Blair lija litulutseni mu furiji lero lomwe mumeretse pa XLD ndi MacConkey, ndipo mutapeko pamene pali zonanda. Mukapeza zomera zofiira zopanda kadontho kakuda, musatenge chimodzi chokha, tengani zitatu kapena zinayi mupititse pa TSI ndi urea, miyeso yothandiza kuzindikira mtundu wa bakiteriya.